Denga la galimoto si ngolo: tisankhe bwino bokosi la katundu wa paulendo

Ife ogwira ntchito m'mafamu a kuno ku South Africa moyo wathu ndi wa pamsewu. Mphesa zikatha ku Kakamas ndi ku Upington, ambiri timatsikira ku De Doorns. Maapozi akatha ku Ceres ndi ku Grabouw, timathamangira malalanje a ku Citrusdal, ena mpaka ku Kirkwood kapena ku Letsitele. Malalanje akatha, kapena Khirisimasi ikayandikira, amene mapepala awo ali bwino ndipo m'thumba muli kenakake amayamba kuyang'ana njira ya kumudzi.

Masiku ano mabanja angapo pakati pathu ali ndi kagalimoto kawokawo, kogula kwa wina atadzimana zaka ndi zaka. Ndalama yogonera m'nyumba za alendo palibe, ndiye usiku ukatipeza panjira timakhoma tenti, kuyala mphasa, n'kuphika tokha. Tenti, matiresi, mabulangete, mapoto, zovala ndi zigubu, zonsezi zimafuna malo, pomwe m'galimotomo muli kale mayi, bambo ndi ana. Apa m'pamene maso amathamangira padenga.

Pamisonkhano yathu ya Lamulungu masana, tikatha nkhani za malipiro ndi za nyumba za pafamu, funso ili silisowa: "Kodi bokosi labwino la padenga ndi liti?" Ambiri amafunsa kukula kwake ndi mtengo wake basi. Ife timati funso loyamba likhale la denga lenilenilo: kodi denga la galimoto yanu lingasenze makilo angati pamsewu womwe mukayendemowo?

Denga lili ndi malire

Galimoto iliyonse imabwera ndi kabuku kake, ndipo m'kabukumo muli nambala ya makilogalamu omwe denga lingasenze galimoto ikuyenda. Pa magalimoto ang'onoang'ono omwe ambirife timakwanitsa, nambalayi kawirikawiri imakhala pakati pa 50 ndi 75. Ngati kabukuko kanasowa, funsani kwa ogulitsa magalimoto a mtundu umenewo, kapena mwana akufufuzireni pa intaneti ndi dzina komanso chaka cha galimotoyo. Paja safunsa anadya phula.

Nambala imeneyi si ya katundu yekha ayi. Zitsulo zopingasa padenga zili momwemo, bokosinso lili momwemo. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti denga lanu ndi la makilo 75. Zitsulo ziwiri zija zidya makilo ngati 5. Bokosi lapulasitiki lokulirapo pang'ono lidya ngati 15. Otsala ndi makilo 55. Mukakweza thumba limodzi la makilo 50 ndi mabulangete awiri, basi mwafika kale pamalire.

Ena amatsutsa kuti, "Nanga alendo okaona nyama ku Kruger aja si amagona awiri m'tenti ya padenga?" Inde amagona, koma galimoto itaima. Ikaima, denga limapirira zambiri. Ikamayenda, katundu amakankhira kutsogolo mukaponda buleki, amakokera kumbali pokhota, ndipo pa bampu iliyonse amadumpha n'kugweranso padengapo ndi mphamvu yoposa kulemera kwake.

Palinso manambala ena awiri pa disiki ya layisensi yomwe timamata pagalasi lakutsogolo. Pamalembedwa GVM ndi Tare. Mukachotsa Tare pa GVM, chotsalacho ndiye zonse zomwe galimoto ingatenge: anthu, mafuta, katundu wa mu buti ndi wa padenga pamodzi. Pa kagalimoto kakang'ono, akuluakulu asanu okha amadya gawo lalikulu la chotsalacho. Kugula bokosi sikuwonjezera mphamvu za masipuling'i, matayala kapena mabuleki.

Msewu wafumbi umachotsera

Nambala ya m'kabuku ija ndi ya msewu wabwino wa tala. Koma mafamu omwe timagwirako ntchito sakhala m'mbali mwa N1. Ambiri timawafikira pamisewu yafumbi yokhala ndi mizeremizere ngati lata, yomwe anzathu olankhula Afrikaans amati sinkplaat. Amene anadulirapo pa R355 pakati pa Ceres ndi Calvinia akudziwa: makilomita oposa 200 a miyala ndi fumbi, popanda tauni panjira. Opita kumudzinso, kuchoka ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka kulowa pa Mwanza n'kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 1,700, ndipo maenje sasowa. Mukasiya tala n'kulowa kamsewu ka kwanu nthawi ya mvula, pamenepo ndiye pamakhala mayeso enieni.

Pamsewu wa mizeremizere galimoto imanjenjemera kosalekeza. Kunjenjemerako kumamasula manati pang'onopang'ono, kumang'amba pulasitiki pamalo pomwe yamangidwa, ndipo kumatopetsa chitsulo mpaka kuthyoka. N'chifukwa chake kampani ya ku Australia yopanga makaliyala, Rhino-Rack, imalangiza kuti pamsewu wosakhala wa tala nambala ija tiziigawa ndi 1.5. Ndiye kuti makilo 75 aja asanduka 50. Tikachotsa makilo 20 a zitsulo ndi bokosi, otsala ndi 30 okha.

Makilo 30 ndi tenti ya banja, matiresi a siponji awiri kapena atatu, mabulangete, maneti ndi chikwama cha zovala. Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, choncho chigubu cha malita 25 chokha chatsala pang'ono kumaliza zonsezo. Musayeze ndi dzanja. Mushedi yopakira zipatso muli sikelo. Pemphani kapitawo kuti muyezepo katundu wanu mukaweruka. Ngati akana, sikelo yoyezera anthu imagwiranso ntchito: kwerani nokha, kenako kwerani mutanyamula katunduyo, muone kusiyana kwake.

Nkhani ili pa nkhata

Amayi akudziwa bwino kuti posenza ndowa yodzaza, chomwe chimagwira ntchito ndi nkhata ndi khosi. Ndowa ingakhale yatsopano chotani, nkhata ikatererekera kumbali madzi atayika basi. Padenga la galimoto nkhata yake ndi miyendo ya zitsulo zopingasa zija. Bokosi likagwa pamsewu, kawirikawiri vuto limayambira pamiyendo imeneyi, ndipo m'pomwe anthu amakonda kuumira ndalama.

Yang'anani denga lanu. Magalimoto akale monga Citi Golf ndi Venture ali ndi kangalande ka madzi a mvula m'mbali mwa denga, ndipo miyendo yomangira pamenepo imagwira molimba. Ena ali ndi malo a mabawuti omwe anabisidwa pansi pa tizivundikiro tapulasitiki. Amenewonso ndi abwino chifukwa wopanga galimoto anawakonzera ntchito yomweyi. Ena ali ndi njanji ziwiri zoyenda kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo; gwedezani ndi dzanja, chifukwa zina ndi zokongoletsera chabe. Omaliza ndi a denga losalala, omwe miyendo yake imangokola pakhoma la chitseko. Amenewa ndiwo amasunthika msanga pamsewu wa mizeremizere, ndipo amafunika miyendo yopangidwira mtundu wa galimoto yanuyo, osati zija amati zimalowa pa galimoto iliyonse.

Inu a mabakkie, kanopi ya faiba si denga lachitsulo. Ngati ilibe zitsulo zolimbitsa m'kati, imang'aluka m'makona ikasenzetsedwa katundu. Kumbuyo kwa bakkie malo alipo kale. Yambani mwadzaza pansi musanaganize za pamwamba.

Kumbukiraninso kuti wosenza mtolo wautali sathamanga ndipo sakhota mwadzidzidzi. Katundu akakhala pamwamba, galimoto imapendekeka kwambiri pokhota. Mukafuna kupewa mbuzi, bulu kapena dzenje, imene ikanangogwedezeka n'kubwerera mumsewu imatha kugubuduzika.

Mitundu inayi yomwe timaiona

Woyamba ndi bokosi lapulasitiki yolimba, lotsegukira kumbali ngati sutukesi, monga aja a Thule a ku Sweden. Kukula kwake amayeza m'malita, ambiri kuyambira 300 mpaka 500. Ubwino wake ndi woti mvula silowa wamba, lili ndi loko, ndipo limadula mphepo bwino. Koma linapangidwira tala. Pafumbi limayamba ming'alu pomangira ndi pamahinjesi, ndipo fumbi losalala limapeza polowera. Mtengo wakenso ndi wowawa. M'chaka cha 2025 malipiro otsikitsitsa anali R28.79 pa ola, kutanthauza pafupifupi R5,600 pamwezi kwa wogwira maola 45 pasabata. Bokosi latsopano la dzina lotchuka limadya malipiro onsewo n'kupitirira. Ngati mtima uli pa limeneli, sankhani laling'ono ndi lalifupi msinkhu, lokhala ndi zitsulo zolimbitsa pansi pake, lomangira ndi mabawuti okhota ndi manati. Malita asakunyengeni. Bokosi lalikulu limakuitanani kuti mulidzaze, pomwe denga ndi lomwe lija.

Wachiwiri ndi kaliyala yafulati yomwe mumakwezapo timabokosi tapulasitiki yokhuthala, tija amati ammo box. Kampani ya konkuno ya Front Runner imapanga zoterezi, ndipo ena opanga zofanana alipo ambiri. Pamsewu woipa njira imeneyi ndiyo yolimba koposa. Pogona mumatsitsa kabokosi komwe mukufuna kokha, n'kukhalanso mpando kapena tebulo. Pachipata akafuna kuona katundu, mumatsegula kamodzikamodzi osamwaza zonse pansi. Vuto lake ndi kulemera: kaliyala yaikulu payokha imatha kufika makilo 20 kapena 30. Pa kagalimoto kakang'ono sipatsalanso kanthu. Imeneyi ndi ya magalimoto akuluakulu monga Condor, kombi kapena bakkie ya zitseko zinayi.

Wachitatu ndi chikwama cha lona chosalowa madzi. N'chotsika mtengo, chimalemera makilo ochepa chabe, ndipo ulendo ukatha mumachipinda n'kuchiika kunsi kwa bedi, zomwe n'zofunika kwa ife okhala m'chipinda chimodzi. Chilibe mahinjesi oti athyoke. Koma wakuba ndi lezala lokha wamaliza, ndipo chikapanda kumangidwa bwino chimakupiza mpaka kung'ambika. Chimangeni pa zitsulo kapena m'kaliyala yaing'ono. Malamba odutsitsa m'kati mwa zitseko amalowetsa mvula, ndipo pa magalimoto okhala ndi ma airbag a m'mbali mwa denga amatchinga potulukira pake.

Wachinayi ndi wathu uja: kaliyala yowotcheretsa mulokeshoni, pamwamba pake thiranki yachitsulo ngati ija agogo athu a Wenela ndi Theba ankabwera nayo kumudzi. Ife sitinyoza ntchito ya owotcherera, ambiri ndi abale athu omwe. Koma chitsulo chokhuthala n'cholemera, ndipo nthawi zina kaliyala ndi thiranki zopanda kanthu zimamaliza kale makilo onse a denga. Uzani wowotchererayo nambala yanu asanadule chitsulo. Agwiritse mapaipi opepuka, aike mphira pansi pa miyendo, asaboole denga. Iyezeni pasikelo musanalipire ndalama yomaliza.

Kwa banja la galimoto yaing'ono, malangizo athu ndi awa: ndalama zambiri zipite ku zitsulo ndi miyendo yabwino, pamwamba pake chikwama cha lona kapena bokosi laling'ono.

Zokwera pamwamba ndi zotsala pansi

Pamwamba pazikwera zotupa koma zopepuka: tenti, mphasa, matiresi, mabulangete, maneti ndi zovala. Cholemererapo chikhale pakati pa zitsulo ziwiri zija, zofewa kutsogolo kuti mukaponda buleki mwadzidzidzi pasakhale chobowola bokosi. Musasiye mpata woti zinthu zizigubuduka. Tsekani mipata ndi zovala, kenako mangani ndi malamba a m'kati.

Pansi, mu buti, kufupi ndi mpando wakumbuyo, pazikhala madzi, ufa, shuga, mafuta ophikira, batire ya sola, jeke ndi zida. Petulo ndi silinda ya gasi zisalowe m'bokosi lotseka. Ku Musina ndi ku Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 nthawi ya chilimwe, ndipo m'bokosi lakuda lili padzuwa mumatentha kuposa pamenepo. Silinda iime chilili, yotsekedwa bwino, yomangidwa, pamalo popita mpweya.

Mapasipoti, mapepala a galimoto, mabuku a kuchipatala a ana, ndalama ndi mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku, kaya ndi ma ARV, a BP kapena a shuga, zikhale m'kachikwama pafupi ndi inu. Kutentha kumaononga mankhwala, ndipo bokosi likasowa usiku simungagule pasipoti panjira. Matrayango, chovala chonyezimira ndi chozimitsira moto zikhalenso pofikira dzanja, chifukwa apolisi a ku Zimbabwe ndi ku Mozambique amafunsa zinthu zotere.

Phindu lenileni la bokosi ndi lakuti ana akhale pampando bwinobwino atamanga lamba. Tonse tinaonapo galimoto yomwe mwana wakhazikidwa pamwamba pa zikwama, mutu ukugunda denga, poto ali m'khosi. Pangozi, chilichonse chosamangidwa m'galimoto chimauluka ngati mwala. Kuno lamulo la kuyambira 2015 limati mwana wosafika zaka zitatu azikhala pa kampando kake komangirira. Ngati bokosi lagulidwa kuti m'kati mulowenso katundu wina m'malo mopatsa ana malo, ndalamayo yapita pachabe.

Zomwe lamulo likunena

Ndime 246 ya malamulo a pamsewu a dziko lino imati katundu azimangidwa molimba ndipo asatchinge woyendetsa kuona. Imatinso pa galimoto yaing'ono yonyamula anthu, msinkhu wa katundu wa padenga usapitirire theka la msinkhu wa galimotoyo. Ngati galimoto yanu ndi yotalika mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, katundu asapitirire masentimita 75. Ife obwera tikudziwa kuti kuimitsidwa pamsewu sikuthera pa katundu pokha. Amafunsanso zina, ndipo tsiku limatha muli pomwepo. Tisapereke tokha chifukwa chotiimitsira.

Pogula lakale

Ambirife tidzagula logwiritsidwapo kale ntchito, kaya pa Facebook, pa Gumtree kapena m'masitolo ogulitsa zinthu zakale. Musatumize ndalama ya chikole musanalione ndi maso. Pitani masana ndi galimoto yanu ndipo mulikweze pomwepo. Litembenuzeni muone pansi pomwe pali mabowo omangira. Mng'alu waung'ono pamenepo udzakula pa sinkplaat. Dinikizani chivundikiro ndi chala: pulasitiki yomwe yapsa ndi dzuwa imayererako ndipo imalira ngati ikufuna kusweka. Tsegulani ndi kutseka kangapo, yesani kiyi, werengani mabawuti ngati ali onse. Likakwera, tsegulani buti muone ngati chitseko chake sichikugunda bokosi.

Gulaninso malamba omangira katundu awiri kapena atatu, aja okoka ndi kachitsulo. Mphira za chubu n'zabwino pa njinga, koma pa liwiro la galimoto zimatamuka ndipo dzuwa limazidya. Ngakhale bokosi lili ndi loko, lizungulizeni lamba mmodzi kunja n'kumangira ku zitsulo. Loko akagonja, lambayo agwira chivundikiro.

Muli panjira

Mukayenda makilomita 50 oyamba, imani pamalo abwino, gwedezani bokosi ndi manja awiri, limbitsani manati ndi malamba. Chitaninso chimodzimodzi pothira mafuta paliponse, komanso mukangotuluka mumsewu wafumbi. Sipanala yake ikhale m'chitseko. Mukamva kulira kwachilendo padenga, imani pomwepo, musadikire tauni yotsatira.

Onjezerani mpweya m'matayala molingana ndi kapepala komatidwa pakhoma la chitseko cha woyendetsa kapena pachivundikiro cha thanki. Pamakhala nambala ya galimoto yodzaza. Ngakhale chikwangwani chikuti 120, ife timati wosenza padenga asapitirire 100 pa tala, ndipo pafumbi 60 ndi wokwanira. M'chigwa cha Karoo mphepo imaomba kuchokera kumbali, ndipo thiraki ikakudutsani imakukankhani. Liwiro limadyanso m'thumba. Boma la America linapeza kuti bokosi lalikulu la padenga limachepetsa mtunda womwe lita ya mafuta imayenda ndi magawo 10 mpaka 25 pa 100 alionse galimoto ikamathamanga pakati pa 105 ndi 120. Pa ulendo wa kumudzi, kupita ndi kubwera, imeneyo ndi ndalama ya feteleza.

Pogona, sankhani pomwe pali anthu ena ndi magetsi, ndipo galimoto iime pafupi ndi tenti. Neti ikhale pamwamba penipeni m'bokosi kuti isavute kutulutsa, chifukwa kuyambira ku Musina mpaka chigwa cha Zambezi ndi dera la malungo. Mbaula isalowe m'tenti ngakhale kuzizire chotani. Mpweya wa makala umapha anthu ali m'tulo. Ulendo ukatha, tsitsani bokosi n'kulisunga pamthunzi.

Katundu wa manyazi

Tinene chilungamo, abale. Chomwe chimalemetsa madenga athu si tenti ayi. Ndi manyazi ofika kumudzi chimanjamanja patatha zaka zitatu kapena zisanu. Apongozi akuyembekezera, achemwali anatumiza kale mndandanda pa WhatsApp, ndipo mnzathu wa pafamu wapempha kuti timutengereko "kakatundu kochepa" ka ana ake, komwe pofika tsikulo kasanduka zikwama zitatu. Kukana n'kovuta. Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Zolemera monga firiji, mabatire ndi matumba zili ndi njira yake: matransipota a ngolo omwe amapita sabata ndi sabata. Shuga, sopo ndi mafuta ophikira zimapezeka ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu komwe. Tumizani ndalama pa Mukuru kapena mukagule mukafika. Kwa mnzanu wopempha, muonetseni nambala ya m'kabuku ndi ya pasikelo. Nambala siikondera, ndipo chibale sichitha chifukwa cha iyo.

Popeza sitiyenda tonse mwezi umodzi, bokosi limodzi likhoza kutumikira mabanja atatu kapena anayi. Monga timachitira chipereganyu, sonkhani mugule limodzi labwino, mulembe m'kope amene walitenga ndi tsiku lobweza, ndipo mugwirizaniretu za amene adzakonze likaonongeka. Miyendo yokha aliyense agule ya galimoto yake, chifukwa madenga amasiyana. Mutu umodzi susenza denga.

Musanapite kukagula, lembani papepala manambala atatu: makilo a denga lanu, makilo a zitsulo ndi bokosi, ndi makilo a katundu amene mukufunadi kukweza. Ngati akukana kugwirizana, chotsani katundu. Galimoto imeneyo munaigula ndi thukuta la nyengo zambiri za mphesa ndi malalanje, ndipo okwera m'menemo ndi ana anu.